Tiyi wa Pansi pa Tebulo

Mirdif, Dubai
Febuluwale, 2025

Achimwene anga a Smart,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi mwendo uja unkatupa unatsika? Nanga chimanga chili bwanji kwathu kwa Kasinje, chamasula? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene masiku ano umandikumbutsa kuti sindinenso mtsikana.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni ine ndimasokonezeka, mawu amandithawa, ndipo ulendo wathawu munadula ndisanamalize. Sindikudandaula, ndikudziwa kuti munali otopa. Taibu, dalaivala wa nyumba yoyandikana nafe, akubwera kutchuthi kwawo ku Balaka ndipo wavomera kuti adzakupatsani pamanja. Chonde muwerenge mutakhala pansi, muli nokha, mpaka kumapeto. Ndiyamba ndi nkhani ya kuno, koma komwe ndikupita ndi kwa amayi.

Ndikugwirabe ntchito kwa Madamu yemwe uja wa ku Mangalande. Chaka chatha anakatenga makolo ake kuti adzakhale nafe, chifukwa bambo ake, a Rodney, mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Kuwaona ndi munthu wabwinobwino. Amadya, amayenda okha, amavala malaya opisira bwino. Koma sadziwa kuti ali dziko liti, ndipo mwana wawo amene anabereka amamufunsa kuti wabwera kudzafuna ndani. Madokotala amati matendawa ndi dimenshiya, ndipo amati amagwira okalamba a mtundu uliwonse, azungu ndi akuda omwe.

Kumabwera nesi wa ku Philippines kudzawaona. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa tonse kukhitchini n'kutiuza kuti tisamawatsutse agogowo. Akati lero ndi Lamlungu pamene ndi Lachitatu, tivomere. Akafunsa amayi awo, amene anamwalira kalekale, tinene kuti apita kukagula buledi. Ine zimenezi zinandivuta kwambiri. Ndine mayi wa Mvano, ndingamanene bodza m'mawa ndi madzulo? Kwa masabata angapo ndinkangothawa. Akayamba kufunsa, ine ndinkapeza mbale yoti nditsuke.

Wina amene anakana lamulo la nesi anali mkazi wawo, mayi Maureen. Ndi mayi wamng'ono thupi, woyendera ndodo chifukwa cha chiuno, koma wosagonja. M'mawa uliwonse ankatenga chithunzi cha ukwati wawo, n'kuchiika pafupi ndi kapu ya agogowo, n'kuwauza kuti uyu ndiwe, uyu ndine, ndine Maureen mkazi wako. Agogowo ankayang'ana chithunzicho mwaulemu, n'kunena kuti mtsikanayo ndi wokongola, kenako n'kufunsa ngati mayiyo akumudziwa. Mayi Maureen ankabweza chithunzicho m'thumba la diresi. Mawa lake, chimodzimodzi.

Mwezi wathawu Madamu anandiitana n'kundiuza kuti kudzakhala anivesare ya makolo ake, ndipo zonse zidzakhala za nthawi ya nkhondo, ndi tiyi wambiri. Ine nditamva nkhondo, chikumbutso ndi tiyi wa anthu ambiri, ndinaganiza kuti ndi mwambo wokumbukira abale awo amene anafa. Ndinavala duku, ndinapita kuchipinda kwa mayi Maureen, ndinagwada n'kuwapepesa. Anandiyang'ana mwamantha n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Apa m'pamene ndinamva kuti ndi phwando lokumbukira tsiku la ukwati wawo, kuti akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ali m'banja. Mwanajuma, mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito tsidya la msewu, anandiseka mpaka anakhala pansi pa simenti. Mpaka lero akandiona amagwada n'kunena kuti pepani anamfedwa, ukwati wakugwerani.

Komabe za nkhondozo sindinazimvetse. Inu mukukumbukira bwino kuposa ine anthu aja ankathawa ku Mozambiki tili ana, akufika ndi mitolo pamutu, mapazi atang'ambika, ena osayankhula n'komwe. Munthu angatenge zimenezo n'kupangira phwando? Ndinalimba mtima n'kumufunsa Madamu. Anandiuza kuti bambo ake anali kamnyamata pamene ndege za adani zinkaponya mabomba mumzinda wa kwawo, ndipo zaka zimenezo n'zokhazo zimene zatsala m'mutu mwawo. Zimene anadya m'mawa sazidziwa, koma nyimbo za nthawi imeneyo amaimba osaphonya liwu. Maganizo a Madamu anali akuti tikawabwezera m'nyumba yofanana ndi ya ubwana wawo, mtima wawo ukhala pansi, ndipo mwina atakhazikika choncho angayang'ane mkazi wawo n'kumutchula dzina. Mayi Maureen sanapemphe mphatso ina iliyonse. Ankangofuna zimenezo.

Panalinso chifukwa china, chimene Madamu sanabise. Mankhwala ndi nesi zawadyera zambiri, ndipo ntchito ya bwana, amuna awo a Madamu, siikuyenda ngati kale. Kumahotela a ku Jumeirah amakonza maphwando a tiyi, koma iwo sakanatha. Anati ubwino wa phwando la nthawi ya nkhondo ndi wakuti chilichonse chikaoneka chosauka, alendo amayesa n'chadala. Mwanajuma atamva anati azungu akafuna kusewera umphawi akanangobwera kudzabwereka katundu wake, sakanavutika.

Ndipo ndi zimene zinachitikadi. Achimwene, kuno kulinso kaunjika. Anthu akamabwerera kwawo amagulitsa ziwiya zawo motchipa, ndiye Taibu anatizungulitsa m'nyumba zosiyanasiyana tikutola makapu ndi timbale tosafanana. Ine mtima unkandiwawa kuona kapu ya maluwa ikukhala pa kambale ka mizere, koma Madamu anati n'zimene akufuna. Makapu achitsulo oyera a mkombero wabuluu, onga aja amayi amamwera tiyi, tinawapeza m'kashopu ka amwenye ku Al Rigga. Kapu iliyonse ndinaiyang'ana padzuwa kuti ndione ngati ili ndi mng'alu, chifukwa agogowo akaona mng'alu amautokosa ndi chikhadabo mpaka kudzicheka.

Timbendera tokoleka m'chipinda ndinasoka ndekha pamanja kuchokera ku malaya akale a bwana ndi nsalu yakutha ya pabedi. Ndinatisita kamodzikamodzi. M'mawindo tinamata tepi yoyera mopingasa ngati mtanda, akuti kale ankatero kuti galasi likasweka lisavulaze anthu. Mapepala oitanira alendo tinawanyika m'tiyi wozizira n'kuwayanika kuti aoneke akale. Bwana anapanga wailesi ya katoni, anaipaka utoto wofiirira, n'kubisa foni ndi kasipika m'kati kuti nyimbo zakale zizitulukira m'menemo.

Zakudya n'zimene zinandisowetsa tulo. Madamu anandipatsa kaphikidwe ka keke yopanda mazira, shuga wapang'ono, m'malo mwake kupalira karoti kuti itsekemere. Yoyamba inatuluka yolimba, yachiwiri inaphwa pakati. Ndinayesa mpaka ndinapeza kuti ikufunika moto wochepa ndi kudikira, ngati chigumu. Panalinso buledi wodula woonda kwambiri, wina wopaka majarini ndi jamu, wina woika nyama ya m'chitini. Pokonza ndinkakumbukira chaka cha njala chija, amayi akudula mbatata imodzi kuti itikwanire tonse, iwo n'kunena kuti adya kale. Ndinangodula buledi wanga mofanana n'kumufunditsa nsalu yonyowa kuti asaume.

Tsiku la phwando linali Loweruka masana. Alendo sanali ambiri, anzake a Madamu ndi amuna awo basi. Azimayi anamanga timaduku ta madontho n'kupaka milomo yofiira, amuna anavala makhaki. Ine ndi Mwanajuma anatipatsa maepuloni a maluwa. Mayi Maureen anavala diresi yobiriwira imene anaisunga zaka zambiri, ndipo anandipempha kuti ndiwamangire mabatani akumsana. Anandifunsa kawiri ngati tsitsi lawo lili bwino.

Poyamba zonse zinayenda bwino moti ndinayamba kukhulupirira. Agogo a Rodney atalowa m'chipinda anaima, anayang'ana timbendera, anagwira tepi ya pawindo n'kugwedeza mutu ngati akuti yamatidwa bwino. Nyimbo itayamba anaimba nawo, akumenya tebulo ndi chala. Analawa keke yanga n'kunena kuti amayi awo lero apeza karoti. Mayi Maureen anakhala moyang'anana nawo, osadya kanthu, maso ali pankhope pawo. Nthawi ina agogowo anawayang'anitsitsa, pakamwa patatseguka pang'ono. Tonse tinasiya zimene tinkachita. Ine tipoti ili m'manja ndinaleka kuthira. Koma iwo anangopempha kuti mayi wa diresi yobiriwirayo awapatsire mkaka.

Bwana anaona kuti anthu akhumudwa ndipo anafuna kuwasangalatsa. Anali atasunga pafoni kulira kwa chenjezo la ndege, kuja kumakwera n'kutsika ngati ambulansi, kuti adzalize poitana anthu kudzadula keke yaikulu. Sanafunse munthu aliyense. Sanali ndi cholinga choipa, ndi munthu wabwino, ndipo mpaka lero amalephera kuwayang'ana kumaso apongozi ake. Analiza chenjezolo.

Kapu ya agogowo inagwa. Munthu wokalamba uja, amene podzuka pampando amafuna womugwira, anadziponya pansi n'kukwawira kunsi kwa tebulo. Anadzipinda, manja atagwira mutu, akukuwa ndi mawu a mwana kuti Peggy, Peggy. Bwana anazimitsa msanga koma zinali zitachitika kale. Madamu anagwada n'kuwaitana kuti Dadi, tulukani, palibe kanthu. Iwo anamukankha. Bwana anayesa kuwakoka mkono, anakuwa kwambiri. Madamu anatinong'oneza akulira kuti Peggy anali mlongo wawo wamkulu, amene ankawalowetsa pansi pa tebulo ndege zikabwera, ndipo anafa pankhondo yomweyo ali mtsikana.

Mayi Maureen anandikodola. Anandiuza kuti ndiwatsitse pansi. Ndinawauza kuti chiuno chawo sichilola, dokotala analetsa, tikawatsitsa mwina sitiwadzutsanso. Anandiyang'ana mokwiya n'kundipatsa ndodo yawo kuti ndiike pambali. Ndinawagwira m'khwapa, Mwanajuma anagwira mbali inayo akunong'ona kuti bismillah, ndipo tinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka anakwawira m'kati ndi diresi yawo yobiriwira ija. Ine ndinatsala chogwada, nditakweza nsalu ya patebulo kuti apeze mpweya. N'chifukwa chake zimene zinachitika m'menemo ndinaziona ndi maso anga.

Mayi Maureen anayamba monga mwa masiku onse. Anati Rodney, ndine Maureen, mkazi wako. Agogowo anabisa nkhope n'kupitiriza kuitana Peggy. Anabwerezanso, atagwira dzanja lawo, kuti ndine Maureen. Agogowo analanda dzanja lawo ngati lagwidwa ndi mlendo, akunjenjemera thupi lonse, mano akugundana. Ndinaona nkhope ya mayi Maureen, achimwene. Inali nkhope ya munthu amene akupereka chinthu chake chomaliza. Kenako anayankhula ndi mawu otsika.

"Ndili pano, Roddy. Ndine Peggy. Ndabwera."

Kukuwa kunatha pomwepo. Agogowo anasendera n'kuika mutu pamiyendo pawo. Anafunsa ngati ndege zapita, mayi Maureen anati zapita. Anafunsa kuti amayi ali kuti, iwo anati apita kukagula buledi, abwera posachedwa. Anawasisita tsitsi mpaka kupuma kwawo kunabwerera m'malo. Atatero anatulutsa mutu pansi pa nsalu n'kundiuza kuti ndibweretse tiyi wa anthu awiri ndi keke. Ndinathira m'makapu achitsulo aja kuti asasweke, ndinauzira kuti asawotche, n'kulowetsa pansi pa tebulo. Agogowo ananyema keke yawo, mbali yaikulu anapatsa mayi Maureen, n'kuwauza kuti Peggy idya msanga, usawauze amayi.

Alendo anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Keke yaikulu sinadulidwe. Awiriwo anakhala pansi pa tebulo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo kuti tiwatulutse mayi Maureen zinatengera bwana ndi Taibu. Chiuno chinawapweteka sabata yonse.

Ndikutsuka makapu madzulo a phwandolo, mayi Maureen anabwera kukhitchini n'kukhala pampando wanga. Zofiira za pamilomo zinali zitafufutika. Sanalire mokweza, misozi inkangotsika. Anandiuza kuti zaka zonsezi akhala ndi mwamunayo, ndipo ankangofuna amve dzina lawo kamodzi kokha zonse zisanathe. Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi wina. Anapukusa mutu n'kunena mawu amene sanandichoke mpaka lero.

"Ndamubwezera mlongo wake. Ine ndatsala wopanda mwamuna, koma iye sakuopanso."

Sindikukuuzani kuti agogowo achira. Sanachire ndipo sadzachira. Dzina la Maureen sanalitchulebe. Chithunzi cha ukwati chija sichibweranso patebulo m'mawa. Masiku ena mayi Maureen amakhala Peggy, masiku ena amakhala mayi wachifundo wa nyumba yoyandikana. Chimene chasintha n'chakuti agogowo anasiya kugwedeza chitseko cha panja kufuna kutuluka. Kale ankavala nsapato n'kunena kuti akukafuna anthu akwawo, ndipo tinkabisa makiyi. Tsopano akafunsa Peggy, Peggy amayankha, ndiye alibenso woti akamufune.

Achimwene, tsopano ndafika pa amayi.

Mng'ono wanga Sibongile, amene akusamalira amayi, wandiuza zonse. Musamukalipire, ndine ndinamukakamiza. Wandiuza kuti amayi akakuonani amakuitanani kuti bambo ake a Smart. Akuti amagwada pokupatsani madzi osamba m'manja, ndipo tsiku lija anapha nkhuku anabisa nthutumba m'kambale kuti ndi ya amuna awo, n'kukana kuti mwana aliyense aikhudze mpaka inu mutabwera. Wandiuzanso kuti inu munaimirira n'kuwauza mokweza kuti ndinu mwana wawo, bambo anamwalira kalekale ndipo manda awo ali uko. Amayi akuti anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro, mpaka anthu anathamanga kuchokera m'minda poyesa kuti kwagwa zovuta. Ndipo akuti zimenezi zachitika kangapo, ulendo uliwonse iwo akumva ngati koyamba.

Sindikukuweruzani. Inu mwasenza zambiri pamene ine ndili kuno kutsuka makapu a eni. Ndikudziwanso mmene zimamvekera kwathu, mayi kuitana mwana wake wobereka yekha ngati mwamuna wake. Anthu amati ndi malaulo. Ndikudziwa kuti anzanu pamsika amakusekani, ndipo alamu anga zimawachititsa manyazi. N'chifukwa chake munasiya kupita kunyumba kwa amayi. Koma taganizani, achimwene. Inu mwafanana ndi bambo kuyambira mayendedwe mpaka kutsokomola. Msinkhu umene muli nawo panopa ndi umene bambo anali nawo pamene amatisiya. Amayi sakuona zachilendo. Akuona nkhope imene akuidziwa, m'dziko limene nkhope zina zonse zawathawa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Chisiyireni inu kupita, akuti amayi ayamba kutuluka m'bandakucha kukafuna bambo. Tsiku lina anawapeza pakhomo pa eni atangovala chitenje chimodzi, tsiku lina panjira ya kumanda. Ndamva kuti kunyumba imene anawapezako mwana anadwala malungo sabata yomweyo, ndipo anthu ayamba kunena kuti amayi anagwa pouluka. Ndamva za miyala imene inaponyedwa padenga. Inu mukudziwa bwino zimene zimachitikira okalamba kwathu mawu amenewa akayamba kuyenda. Ine ndikangoona foni ikuwala ndi nambala ya kumudzi, ndimayamba ndapemphera ndisanayankhe.

Ndamvanso kuti mwapangana ndi mneneri wina wa kuphiri kuti mukawasiye amayi kumeneko mwezi ukatha, akawapempherere. Ndikudziwa kuti mukufuna kuwachotsa pamaso pa anthu kuti muwapulumutse. Koma Sibongile akuti kumeneko odwala amawasalitsa kudya, ndipo oyendayenda amawamanga mwendo kumtengo. Amayi ali ndi shuga. Akapanda kudya m'mawa amanjenjemera n'kugwa. Ndiponso akakadzuka pamalo achilendo, pakati pa anthu okuwa, opanda nkhope ngakhale imodzi yoidziwa, adzachita mantha onga amene ndinawaona pansi pa tebulo paja, koma popanda wowakwawira. Sadzabwerako, achimwene. Mtima wanga ukundiuza choncho.

Pempho langa ndi limodzi. Musanawatengere kulikonse, yesani kaye izi mpaka chimanga chikhwime. Muzipita kwa amayi madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe. Akakuitanani kuti bambo ake a Smart, muyankhe. Munene kuti ndabwera. Akafunsa kumene munali, munene kuti kudimba. Akakupatsani madzi, sambani. Akakupatsani nthutumba, idyani. Mukhale pakhonde pang'ono mpaka alowe m'nyumba, muwauze kuti agone, inu mukukaona mbuzi, mubwera. Sindikukupemphani china choposa pamenepa, ndipo Sibongile azikhala pomwepo kuti pasapezeke wonena zopusa. Munthu amene amayi amatuluka kukamufuna akamabwera yekha madzulo aliwonse, sadzakhalanso ndi chotulukira. Akasiya kupezeka m'makomo mwa eni, pakamwa pa anthu padzatopa.

Mundifunsa ngati si bodza. Inenso ndinavutika nalo funso limeneli, ndipo sindine m'busa kuti ndikuyankheni bwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti choonadi mwawauza kale kangapo, ndipo ulendo uliwonse mwaika bambo m'manda kachiwiri pamaso pawo. Mawa lake sakumbukira mawu anu, amangotsala ndi chisoni chosadziwa kumene chachokera. Ine pano agogo a Rodney akandifunsa amayi awo, ndimayankha kuti apita kukagula buledi, ndipo ndikagwada kupemphera sindimva kuti Mulungu wandifulatira.

Sindikunamizani kuti n'zopepuka. Zidzakupwetekani. Mudzakhala pakhonde la mayi anu enieni, iwo akukuyang'anani ndi chikondi chonse, koma chikondicho chili cha munthu wina. Mwina adzakufunsani kuti Smart ali kuti, bwanji sabwera kudzawaona, ndipo mudzayenera kuyankha kuti ali bwino, watanganidwa. Dzina lanu mwina simudzalimvanso pakamwa pawo ngati lanu. Ndinaona mmene zinamupwetekera mayi wa eni, ndiye sindingakuuzeni kuti ndi kanthu kakang'ono. Ndikanakhala ine wofanana ndi bambo, ndikanasiya ntchito n'kubwera. Koma nkhope imeneyo Mulungu anapatsa inu.

Mukapeza mpata mupitenso nawo kuchipatala cha paboma, mukawafotokozere madokotala zonse osabisa, ndipo mukatchule dzina la matenda lija ndalemba pamwambapa. Zoyendera ndidzatumiza. Mukabwerako muwauze abusa ndi amayi a Mvano zimene adokotala anena, kuti uthenga umenewo uyende m'mudzi m'malo mwa winawo. Koma izi zibwere pambuyo. Choyamba ndi kuyankha.

Ine tchuthi changa sichili pafupi. Ndinamupempha Madamu, koma ndi mmene zinthu zilili m'nyumba muno sangandimasule chaka chino, ndipo sindingamuumirize. Ndimawerengera miyezi n'kuleka, chifukwa ndimaopa kuti ndidzafika mochedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha phala limene amatumiza kwa amayi m'mawa. Moni kwa Sibongile ndi amuna ake, kwa amalume, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa ana onse. Mwana wanu Chancellor mumuuze alimbikire sukulu, ndamva kuti wayamba ulesi. Mwanajuma akuti moni ngakhale simukumudziwa, akuti inshallah amayi akhala bwino.

Kwa amayi musanene kuti moni wachokera ku Dubai. Sakudziwa kuti kuli malo otere, ndipo ine Mtisunge wa imvi, amene ndimayankhula pafoni, sandidziwa. Sibongile akuti amene amamufunsa ndi Mtisunge wamng'ono, amada nkhawa kuti mwanayo wachedwa kuti. Akakufunsani inu, muwauze kuti mwamuona kumjigo ali pamzere, ndowa yake yatsala pang'ono kudzadza. Muwauze kuti asadandaule, akubwera.

Ndine mlongo wanu,
Mtisunge